Pakati pa Nsalu

A Policarpo anatsika chapa, kaminibasi kakunoko, pa Tsangano msana utauma ngati thabwa, atakumbatira jumbo ya zitini za utoto. Ulendo wochokera ku Furancungo si wamasewera: fumbi, mabampu, ndi kugona pamkeka kwa mlamu wawo ku Ulongwe. Koma sanadandaule. Limeneli linali tsiku lodzaza pakati pa nsalu.

Kwawo ankadziwika ngati wolemba zikwangwani basi. Nkhuku yonenepa pakhoma la baraka yogulitsiramo zakudya ndi zakumwa, mitu yometedwa bwino pachitseko cha ometa, zonsezo zinali za manja awo, koma palibe anaimapo n'kunena kuti apa padutsa waluso. Woyamba kuwatchula choncho anali Leonel, mphunzitsi wachinyamata wa ku Tsangano, amene anatsegula bulogu yotchedwa Manja a Kumapiri. Pabulogupo anadziwananso ndi Zeca, wojambula nkhope ndi makala, ndi Felicidade wa ku Chidzolomondo, wopeta nsalu, yemwe ankachita kukwera pachulu kuti foni yake igwire. Anayiwa ankatamandana m'mawa ndi madzulo osaonanapo maso ndi maso.

Za nsalu anayambitsa ndi Leonel yemweyo. Anagula nsalu yoyera yaikulu ngati bulangete, nati aliyense akongoletse ngodya yake, kenako aipereke kwa kobradori, kondakitala wa chapa, ipite kwa mnzake. Pakati pokha pasakhudzidwe. Pamenepo adzajambulapo onse pamodzi tsiku lokumana, phewa ndi phewa. A Policarpo pangodya yawo anajambula mayi awo akubwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, mtolo pamutu, mbuzi pachingwe. Atatumiza nsaluyo anaitanitsa utoto wabwino ku Tete, wosakhala uja wosungunula ndi petulo, nausunga pansi pa bedi osautsegula. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kugwira burashi pakati pa anzawo, kamodzi kokha pamoyo wawo, popanda wina wowauza kuti alembe mtengo wa nkhuku.

Tsiku lokumanalo linangokhala mawa, mawa, mpaka Leonel anapeza malo ku Maputo naitana anthu kuti adzatsanzikane.

Phwando linali kuseri kwa baraka ina pafupi ndi msika. Mipando yapulasitiki, sipika yong'ambika mawu, mbatatesi yokazinga mumafuta a dzana. Anthu anali pikitipikiti, ndipo ambiri mwa iwo burashi ankaidziwa yotsukira mano yokha. Leonel anaima pakati atadzikulunga mpango m'khosi, dzuwa lili pamutu, magalasi ali pamphuno ngakhale maso ake analibe vuto.

"Madala, zakumwazo kaikeni kuseri uko," anatero ataona jumbo ija.

"Ndine Policarpo."

"Mestre! Katswiri wathu!" Leonel anakuwa, nawakumbatira ndi dzanja limodzi, linalo litakweza kale foni m'mwamba. "Sekani pang'ono. Ayi, musaseke, mukhale ngati mukuganiza. Pronto, zatheka!"

Mwana ameneyu ndiye ankalemba pabulogu kuti mizimu yawo ndi mapasa. A Policarpo anakakhala pampando wothyoka mwendo. Zeca anawapatsa moni maso ali pafoni. Felicidade yekha, mayi wamfupi wa zala zobooka ndi singano, ndiye anagwada pang'ono, nawafunsa za ulendo, n'kudikira yankho.

Nsalu inali itayanikidwa pawaya ngati chochapa. A Policarpo anaiona yathunthu koyamba. Masamba a fodya a Felicidade anali ngati ungawathyole. Nkhope za Zeca zinali bwino ndithu, tisamunamizire. Ngodya ya Leonel inali ndi ndakatulo ya Chipwitikizi yolembedwa ndi cholembera cha pasukulu, mizere yake yopendekera ngati ya munda wolima munthu woledzera. Ndipo pakati panali mbee, podikira.

A Policarpo anayala zitini zawo pansi pa waya, nafoletsa maburashi anayi, aliyense yake. Kenako anadikira kuti zolankhula zithe.

Kodi zinatha msanga? Wina anaimirira nati Leonel ndi nyali ya chigawo chonse. Wina anati ndi mlatho. Mtsikana wina analira, n'kusiya kaye kuti aone ngati misozi yaoneka pachithunzi, n'kupitiriza. Mwini wake Leonel analankhula mpaka mthunzi unasuntha: za mizu, za dothi lofiira limene adzalinyamule mumtima, za mutu umodzi umene susenza denga. Dothi lenilenilo ankalisasa pansapato ndi kampango nthawi ndi nthawi.

"Tsopano, nsalu yathu," anatero pomaliza.

A Policarpo anaimirira. Koma Leonel anapisa m'thumba natulutsa sizasi.

"Ndaganiza mozama, anzanga. Nsalu imodzi, eni ake anayi. Ndikaitenga ine mudzati ndaba. Choncho aliyense abwerere ndi mbali yake. Arte, luso lenileni, ndi kugawana!"

"Nanga pakatipo, a professor?" anafunsa Felicidade. "Si paja tinati tidzajambula limodzi? A Policarpo abwera ndi utoto."

"Mana, mlongo wanga, chapa yanga inyamuka posachedwa. Komanso taonani bwino. Poyerapo ndi silêncio, bata lenileni. Palokha ndi luso kale."

Anthu anawomba m'manja. Anthu amawombera chilichonse akakhuta mbatatesi ya ulere. A Policarpo anayang'ana maburashi awo anayi aja. Akanati chiyani pamaso pa anthu ophunzira, iwo wojambula nkhuku?

Sizasi inalowa. Itayenda pang'ono, Zeca anakweza dzanja.

"Espera, dikira kaye mbale wanga, sindinayambe kujambula vidiyo. Bwerera pang'ono."

Leonel anabweza sizasi, nakonza mpango, naika nkhope yachisoni, n'kuyambanso. Nsalu inalira kwee kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako chopingasa. Sanathe n'kudula mowongoka komwe. Mbuzi ya mayi a Policarpo inaduka mchira, mchirawo n'kupita ndi ndakatulo ku Maputo.

Leonel anawapatsa chidutswa chawo ndi manja awiri ngati satifiketi. A Policarpo anachiyang'ana. Chinthu chimene anachitumiza kutali kuti chikakhale pambali pa anzake chinawabwerera chokha, ndi kachigamba koyera kumapeto. Zinawapweteka kwambiri, ndipo chowawa koposa chinali manyazi, kuti munthu wa imvi ngati iwo anakhulupirira zoyamikira za pafoni. Chidutswa cha Zeca chinali kale pampando, wina ataikapo botolo.

A Policarpo anawerama kuti alongedze zitini zawo.

"Mestre, dikirani!" Leonel anabwera akukoka chikwama chachikulu chakuda ndi thumba la mbatatesi. "Mulungu ndi wabwino, mwabwera ndi tinta, utoto wanuwu. Katundu amasochera pa Inchope posintha galimoto. Tandilemberani dzina apa, zilembo zikuluzikulu zija mumazitha inu."

Felicidade anayang'ana pansi. A Policarpo anafuna kumuponyera Leonel chitini kumaso, anafunadi. Koma anthu anali atazungulira kale, mafoni m'mwamba, ndipo zaka zonse za moyo wawo palibe tsiku anakanapo munthu wowauza cholemba. Anagwada pafumbi. Anatenga msomali natsegula chitini chofiira chija cha ku Tete, fungo lake labwino n'kuwalasa m'mphuno.

Akanatha kulemba mokhotakhota mwadala, koma dzanja linakana. L anaima chilili. O anatuluka wozungulira ngati dzira. LEONEL, MAPUTO, ndi kamthunzi kachikasu kumbali kwa chilembo chilichonse, monga amachitira pa baraka ya munthu wolemera.

"Eee, koma madalawa amatha!" anatero mtsikana wolira uja. "Madala, mumalembanso za saluni? Ndikufuna chikwangwani."

A Policarpo anapukuta burashi yawo pa kachigamba koyera kaja, natola maburashi atatu ouma aja n'kuwabwezera m'jumbo.

"Ndimalemba, mayi," anatero. "Mukufuna mawu otani?"