Tambala pamutu pa Festus

Festus Mbewe anasiya chithunzi chimodzi chokha, ndipo pachithunzipo anali ndi tambala pamutu.

Anajambulidwa ku Kitwe tsiku lomwe Zambia inalandira ufulu. Anavala jekete yobwereka kwa mnzake wa kumgodi, n'kukhala pampando ali ndwii ngati wabwera pamlandu. Wojambula ali pafupi kudina, tambala amene anagulira phwando anadula chingwe n'kudzatera pamutu pake, mapiko ali tambalala. Festus anatuluka akuseka mano onse pamtunda, maso atapotokera kumbali.

Chaka chotsatira lole inamugunda akuchokera kuntchito pa njinga. Mkazi wake Judith anachoka m'nyumba ya kampani, nakapachika chithunzicho m'kachipinda kamene anapeza ku komboni ya Luangwa, m'Kitwe momwemo. Usiku wa maliro sanalire kwambiri, koma mantha amene anali nawo tsopano anali akuti tsiku lina adzadzuka ataiwala nkhope ya mwamuna wake.

Amayi a Chigwirizano ankabwera kudzapemphera naye. Anthu abwino ndithu, koma maso awo sankachoka pakhoma. Mayi Rebecca, mtsogoleri wawo, analephera kupirira.

"Amake mwana, malemu anali dikoni. Munthu wa ulemu wake angakhale pakhoma ndi nkhuku pamutu? Pitani kwa ba Hector akachikonze."

Hector anali ndi situdiyo kuseri kwa msika, ndipo burashi yake inkachita zodabwitsa. Wopanda tayi ankamuveka tayi, wa dazi ankamumeretsa tsitsi. Pakhoma pake panali mbuzi yovala chipewa cha kumgodi ndi galu woyendetsa basi, zojambula zake za masiku opanda makasitomala.

"Awe mukwai, iyi ni nchito ing'ono," anatero Hector mosakaniza ndi Chibemba, Judith atamuonetsa chithunzicho, akudziletsa kuseka. "Bwelani pa Friday, muzapeza ba Mbewe ali bwana."

Judith anazengereza kuchisiya. Chinalibe chinzake, ndipo wojambula wa tsiku lija anali wongoyendayenda, sankadziwika kumene analowera. Komabe anachisiya, poopa pakamwa pa anthu.

Lachisanu Hector anachitulutsa monyadira. Tambala kunalibe, pamalo pake panali thambo loyera. Pakamwa anatsekapo bwinobwino, tayi yofiira ili pakhosi, maso atawongoledwa kuti aziyang'ana kutsogolo. Ntchito inali yaukhondo, palibe akanatsutsa. Judith anachiyang'ana nthawi yaitali. Munthu ameneyu akanakumana naye pamsewu akanamupatsa moni wa alendo n'kupitirira.

"Bambo awa ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ni amuna anu, mayo. Nangochosa nkhuku na kuseka. Na maso yenze yopotoka, nayaongola."

"Sanali opotoka."

Hector anakanda m'mutu. Kwa zaka zonse zimene anagwira burashi, palibe anadandaulapo kuti wamukongoletsa.

"Ankayang'ana ine," anatero Judith. "Ndinaima apa, kumanzere kwa wojambula, nditagwira chingwe chodukacho. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwo ankaseka ine."

Panja wina ankaitanira malasha m'Chibemba.

Hector anatenga thonje ndi kambale ka madzi. Anafotokoza kuti utoto wake ndi wamadzi, umachoka, koma pepala likanyowa kwambiri nkhope imasupuka, ndipo ikasupuka basi, palibe wobwezera. Anadzipereka kuti apukute iye mwini. Judith anakana, natenga thonjelo, nakhala pampando wojambulirapo anthu, chithunzi chili pamwendo.

Anayambira pamwamba. Thambo linasungunuka, panatuluka lipombo la tambala, kenaka phiko. Tayi anaisiya, poti Festus ankailakalaka moyo wake wonse. Anatsikira pakamwa, mano n'kuyamba kuoneka limodzilimodzi, mpaka dzino lake lobenthuka. Atafika pa maso anaviikanso thonje m'madzi. Hector anatembenukira kwa mbuzi yake ya chipewa, ngati kuti ili ndi kanthu kofunika kukonza.

Judith anafinya thonje, napukuta kamodzi, mopepuka. Diso lakumanja linatuluka, kenaka linzake, onse akuthawira kumbali monga kale.

Anaika chithunzicho patebulo, nachitsamiritsa ku botolo la utoto. Kenaka anaimirira, nasuntha pang'ono, nasunthanso, mpaka anafika pamene masowo ankayang'ana. Anaima pomwepo, ndipo misozi imene inakana kubwera pamaliro inabwera yonse.