Kawotchi ka m'shedi ya a Ernest

Anti Tinenenji atangotsegula shedi ya malemu achimwene awo, a Ernest, anakuwa "Yesu!" nkubwerera chambuyo mpaka kuponda phazi la Misozi. Misozi, bambo akewo atamwalira masiku anayi okha apitawo, anaseka. Sanafune ayi, kunangotuluka kokha kkkk.

Anali masana, koma Bolton, ku Mangalande kuno, mu Novembala mukuidziwa, mkatimo mdima bii. Pashelefu china chake chimawala. Chobiriwira, chosaphethira, chongokuyang'ana.

"Ndimanena ine," anti ananong'ona. "Mwamuna wanji wodzitsekera yekha muno? Tenga machesi tiwotche, a kutchalitchi asanaone."

"Anti, ndi batire!"

"Batire yowala mwini wake atafa? Usandipusitse iwe."

"Ndi timachubu tagalasi, muli mpweya wa nyukiliya pang'ono, timawala tokha zaka ndi zaka. Adadi anapanikiza timachubuto pakati pa timapanelo tiwiri ta sola, kuwalako nkumasanduka magetsi. Mukawotcha tiphulika, mpweyawo mupuma ndinu. Komanso ndinu nesi inu, eee!"

Anti anali atatulutsa kale foni, gulu la pafoni la amayi a mvano lili chotsegula, chala chili m'mwamba. Apa Misozi kuseka kunamuthera. Chithunzi chimodzi chokha, adadi ake alowa m'manda ali mfiti, kuyambira ku Bolton mpaka kwawo ku Dedza.

Misozi anatsata kawaya ka batireyo ndi chala. Kanathera pa kawotchi kakang'ono. Foni ya anti imati 2:10. Kawotchi kamati 4:10.

"Waona? Kakuwerenga nthawi yoti sinafike!"

Ngakhale Misozi anabwerera chambuyo pang'ono.

Kumbuyo kwawo kunaima amayi a Misozi, a Edwina, opanda nsapato pa udzu wonyowa. Palibe anawamva akubwera. Anayang'ana manambalawo nkutembenukira kwa anti.

"Alamu, mwaiwala? Kwanu ndi folo koloko panopa. Amayi anu angochoka kudimba, akhala pakhonde kudikira foni ya Ernest ya sabata iliyonse, paja za maliro sitinawauzebe."

Analanda foni ija mwaulemu ndithu, nkutseka gululo, nkusaka nambala ya apongozi awo. Anadina yokweza mawu.

Inangoitana kamodzi.

"Ernest?" anatero mawu a nkhalamba, akupuma mwabefu. "Wachedwa ndi mphindi khumi lero, mwanawe."