Mtedza wa Alamu

Mtedza wouma bwino umalira ukauluma. Umati thwa! Wonyowa sulankhula, umangofinyika pansi pa dzino ngati mbatata yophika. Aliyense m'gulu lathu amadziwa zimenezi, chifukwa bambo amene amatigula mtedza alibe chida china choyesera kupatula mano ake. N'chifukwa chake tinawatcha a Luma.

Gulu lathu si lalikulu. Tinaliyamba titatopa ndi mavenda, amene amafika ndi sikelo zawo mtedza tikungokumba kumene, nthawi imene m'nyumba mulibe ngakhale sopo, n'kutchula mtengo umene afuna iwo. Tinapangana kuti tizisonkhanitsa mtedza pamodzi, tiziusunga mpaka mitengo idzuke, kenako tizigulitsa kwa munthu mmodzi. Tinachita lendi chipinda chimene kale chinali golosale, kuseri kwa chigayo. Mashelefu akadalimo, ndipo pansi pamanunkhabe palafini. Kiyi amakhala ndi ine, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa nyumba yanga ndi imene ili pafupi.

Aliyense amaswa mtedza wake kunyumba n'kubwera nawo. Tikauyeza timaukhuthulira pa lona imodzi, wa uyu ndi wa uyo, n'kusankha waukulu pawokha, waung'ono pawokha, kenako kusoka matumba. Mtedza ukalowa m'thumba ulibenso mwini. Ndiye lamulo lathu lalikulu ndi limodzi: osawaza madzi. Anthu ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe asavute kuswa, ena kuti ulemere pa sikelo. Koma mtedza wotero ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, n'kupatsira wa anzake. Wowaza madzi amachoka m'gulu, palibe zokambirana. Lamulo limeneli ndinalibweretsa ndine.

Chaka chino tinapangana kuti phindu likabwera tigule makina oswera mtedza, opukusa pamanja. Tinali titatopa ndi kuswa ndi zala miyezi yathunthu.

Lole ya a Luma inafika m'mawa, dzuwa lisanapweteke. Anatsika, natipatsa moni wapakamwa pokha, nalowa m'chipinda muja. Kachitidwe kawo sikasintha. Amasula pakona pa thumba, apisa mkono mpaka m'chigongono, atulutsa mtedza wapakati penipeni, aluma. Thwa. Thumba likwere. Lina, thwa. Likwere. Tinaima pakhonde tikumvetsera mano a munthu ngati tikumvetsera wailesi.

Atafika pa matumba a kukhoma, anapisa mkono, osautulutsa msanga.

“Mayi a kiyi,” anandiitana. “Bwerani mugwire apa. Thumba lanuli lili ndi malungo.”

Ndinapisa dzanja. Munali mofunda ngati m'khwapa. Nditatulutsa mtedza, wina unali utayamba kubiriwira m'mphepete. A Luma analuma umodzi, nalavula pakhomo, napukuta pakamwa ndi mpango. Anapitiriza mzere wonsewo, akukankhira pambali thumba ndi thumba. Pomaliza, mulu wokanidwa unatsala pang'ono kufanana ndi umene unakwera lole.

“Ine ndimayenga mafuta odya anthu, amayi,” anatero akukwera kutsogolo. “Ndibweranso ulendo umodzi kudzatenga wotsala kumakomo kwanu uja. Ndikadzapezanso zoterezi, lole yanga idzaiwala njira ino.”

Fumbi la lole lisanathe, anthu anali atayamba kale kuyang'anana. Matumba onse okanidwa tinawasoka tsiku limodzi, ndipo amene anabweretsa mtedza tsikulo anali anayi: Aphunzitsi, amene anapuma ntchito ndipo ndiwo wapampando wathu, Telala, Make Mapasa, ndi alamu anga.

Ine sindinafunike kufunsa. Alamu angawa ndi mkazi wa malemu mchimwene wanga. Amalima bwino kuposa amuna ambiri, koma zala zawo zinapindika ndi nyamakazi, moti batani la bulauzi amamanga ndi mavuto. Ana awo ali kutauni ndipo amatumiza moni. Chaka chino ndi iwo amene anayamba kumaliza kuswa mtedza wa ulendo woyamba wa lole, ife a zala zowongoka tikadali pakati. Tsiku limenelo ndinawayamikira. Pano ndinazindikira chimene ndinkayamikira.

Ndinakhoma chitseko n'kulunjika kwawo. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala pa mpando waufupi. Pambali pawo panali beseni, ndi mulu wa makoko akuda, ofewa ngati masamba ovunda.

“Alamu,” ndinatero, “madzi aja anali a chiyani?”

“Mwadzuka bwanji kaye, alamu.”

“Ndadzuka. Madzi aja anali a chiyani?”

Sanakane. Anangoyang'ana beseni lija. “Ndinangowaza pang'ono. Ndipo nditaswa ndinauyanika.”

“Sabata ya mitambo ija?”

“Dzuwa linkatuluka masana.”

“Linkatuluka kudzakupatsani moni. Mtedza wa anthu waola, alamu. A Luma asiya mulu mpaka apa.” Ndinaloza pachifuwa.

Nkhuku inabwera kudzapalasa makoko aja, iwo osaiingitsa.

“Bwanji simunanene kuti zala zakana?”

“Ndinene kwa yani? Aliyense anali ndi wake. Inuyo munali ndi wanu, mukudandaula chala chachikulu tsiku ndi tsiku. Ndikanabwera ndi matumba anga pakhomo panu mukanandilandira ndi nthungululu?”

Kunena zoona, sindikanatero.

“Ndiye mundichotsa,” anatero.

“Lamulo likutero.”

“Lamulo lanu.”

“Langa, inde.”

Tonse tinkadziwa tanthauzo la kuchoka. Munthu wamasiye wa zala zotero, akatuluka m'gulu amabwerera kwa mavenda, kugulitsa mtedza wosaswa pa mtengo wachipongwe. Akatero chaka chimodzi, chachiwiri sagula mbewu, chachitatu amabwereketsa munda. Ndaziona kwa ena. Munda wa alamuwo ndi umene mchimwene wanga anagwetsa mitengo yake ndi nkhwangwa.

Msonkhano unachitika mawa lake pakhonde pa golosale ija, fungo la chuku likutuluka pansi pa chitseko. Aphunzitsi anayamba ndi mbiri ya gulu, kuchokera tsiku limene tinakumana koyamba. Atafika pa kufunika kwa umodzi, Telala anakweza dzanja.

“Aphunzitsi, belu lalira. Ndasiya diresi ya mkwatibwi ilibe mkono umodzi.”

“Ndikufika pa mfundo.”

“Mfundo ili m'chipindamu, ikununkha.”

Anthu anaseka pang'ono, koma Make Mapasa sanaseke. Mayi ameneyu ndi wamng'ono kwa tonsefe, ndipo ana ake awiri aja anasankhidwira limodzi ku sekondale. Mtedza wonse umene anali ataswa unalowa m'matumba a tsiku lija.

“Ine sindinabwere kudzaseka,” anatero. “Ndinaswa wouma, zala mpaka kutuluka magazi. Amene anawaza madzi aimirire. Apo ayi tiyende khomo ndi khomo tikaone makoko.”

Alamu anaimirira, akugwira mzati. “Musavutike kuyenda, mwananga. Ndine.”

Panalibe amene anadabwa kwenikweni. Ena anayang'ana pansi, ena anayang'ana ine.

“Basitu,” anatero Make Mapasa. “Lamulo lilipo. Kapena limagwira ntchito kwa anthu opanda achibale a kiyi?”

Aphunzitsi anatsokomola nayamba kufotokoza kuti nkhani iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Ndinawadula. Ndinali nditabwera ndi mtedza wosaswa m'thumba la diresi, wouma gwa, wa m'munda mwa alamu omwewo. Ndinatenga umodzi n'kuwapatsa.

“Swani, alamu.”

Anandiyang'ana ndi diso loti tidzakumana. Koma anaulandira. Anauika pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, nafinya. Unaterereka n'kugwa. Telala anautola nawabwezera. Anaugwira ndi manja awiri, nafinya mpaka mikono kunjenjemera. Khoko silinachite ngakhale mng'alu. Anaupititsa kukamwa, koma mano a m'mbali anatha kale. Anaubweza m'dzanja, naufumbata, nakhala pansi.



“Zala zawo ndaziona,” anatero Make Mapasa, mawu atatsika koma osafewa. “Ndamva chisoni. Nanga kusukulu ndikapereke chisoni?”

Mayiyo sankalakwa, ndipo ndinamuuza choncho. Kenako ndinanena zimene ndinabwera nazo, mwachidule, Aphunzitsi asanapeze mpata. Gawo la alamu la chaka chino, la mtedza umene unakwera lole, ligawidwe kwa amene mtedza wawo waola. Silikwana, koma ndi limene lilipo. Alamu asadzaswenso mtedza kunyumba kwawo. Azibwera nawo ndi makoko ake, tiziswa ife pompano, tikuuona kuuma kwake. Iwo azibweza ndi maso, pakuti maso ali nawo akuthwa: azikhala pa lona kusankha mtedza wa gulu lonse, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

“Ndiye kuti lamulo lafa,” anatero Make Mapasa.

“Lamulo ndinalipangira anthu ofuna kunamiza sikelo. Sindinaganize za zala. Wowaza madzi kuyambira lero achoka, ngakhale atakhala ine.”

“Ndipo tiziswa mtedza wathu, tikatha tiziswanso wa eni.”

“Mpaka makina abwere.”

“Makina ake ati? Si awo aola m'chipindamo?”

Apanso sankalakwa.

Aphunzitsi anati tikweze manja. Telala anakweza msanga, mwina chifukwa cha diresi ija. Ena anakweza mochedwa, theka la mkono, akuyang'ana kumbali ngati akuingitsa ntchentche. Anakwana, koma movutikira. Alamu anatsala m'gulu.

Make Mapasa anaimirira, nakutumula chitenje. “Mtedza wanga wotsala kunyumba musauwerengere. Venda amaba, koma amaba ndikuona.” Anapita osatsanzika. Ndi mlimi wabwino, ndipo kuchoka kwake kunatipweteka kuposa mmene tinavomerezera pamaso pa anthu.

Matumba okanidwa aja tinawakhuthula, tinayanika, tinasankha umene ukanapulumuka. Unali wochepa. Wobiriwira uja mlangizi wa zaulimi anati tisapatse ngakhale nkhuku, ndiye tinaukwirira kuseri kwa chigayo. Za makina palibe anazitchulanso. Zinangosamukira chaka chamawa, kumene zinthu zathu zambiri zimakhala.

Alamu anali akadali ndi matumba osaswa, oyenera kulowa pa ulendo wachiwiri wa lole. Tinaika tsiku loti onse amene anakweza manja abwere. Ndinatsekula chipinda m'mamawa, n'kuyala lona pakhonde. Aphunzitsi anatumiza uthenga woti msana. Wina anali ndi maliro a kuchimuna, wina mbuzi yasowa. Telala anabwera, tepi ili m'khosi, naswa mbale imodzi akudya theka lake, kenako anakumbukira kuti wasiya makala mu ayironi.

Tinatsala awiri. Ine ndinakulunga kansanza pa chala chachikulu n'kuyamba. Kuswa mtedza wouma si ntchito yofuna nzeru. Umafinya pamphuno pake, khoko liseguka, uponya, utenga wina. Pofika masana kansanza kanali katabooka, ndipo thumba loyamba linali lisanafike pakati. Kumbuyo kwanga matumba ena anali atatsamira khoma, akundidikira.

Alamu anakhala moyang'anana nane, lichero pamiyendo, akukankha mtedza ndi msana wa chala. Wosweka uku, wonyala uku, wabwino uko. Sanandilankhule kuyambira tsiku la msonkhano.

“Munandichititsa manyazi,” anatero pomaliza, osadzutsa mutu.

“Ndinatero.”

“Pamaso pa ana.”

“Munali ndi njira ina?”

Anakankha mtedza wina. “Mchimwene wanu akanakhalapo akanakutukwanani.”

“Akanakhalapo bwenzi akuswa ndi iyeyo, ine ndili kwathu ndikupuma.”

Anatulutsa kamphepo m'mphuno, kosafika pa kuseka. Kenako anatola mtedza umodzi m'lichero, nauyang'anitsitsa, nandipatsa.

“Uwu ukundikayikitsa. Ine mano ndilibe. Lumani.”

Ndinaluma. Thwa.

“Uli bwino,” ndinatero.

“Ndiye fulumirani. Lichero latsala pang'ono kutha, ndipo inu mukuswa ngati mukusenda mazira.”

Ndinatembenuza kansanza kaja kuti pobooka pakhale kumbuyo, ndinakoka thumba kuti liyandikire, n'kupisamo dzanja.