Foni Yosamva ya a Katswiri

Dzina loti a Katswiri sanalitenge kusukulu. Anawapatsa ndi anzawo a ku ofesi tsiku lomwe anakonza makina osindikizira pongowazimitsa n'kuwayatsanso, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri, osafunsa ngati munali chipongwe.

Chimene sankatha kuchizimitsa n'kuchiyatsanso chinali mkwiyo wa achemwali awo, telala wa kashopu kuseri kwa malo okwerera basi. Paphwando lokondwerera kukwezedwa pantchito kwa a Katswiri, achemwaliwo anafika molunjika kuchokera kushopu, tepi yoyezera idakali m'khosi. Bwana wamkulu atafunsa kuti mayiwa ndi ndani, a Katswiri anayankha kuti, "Ndi amene amatisokera makatani." Achemwali anamwetulira, anamaliza chakumwa chawo, n'kutuluka. Kuchokera pamenepo moni anatha.

Tsopano mwana wamkazi wa a Katswiri anali pafupi kukwatiwa, ndipo ananenetsa kuti diresi lake asoka ndi azakhali akewo, apo ayi akwatiwa atavala yunifolomu ya kuntchito.

"Imbani foni mupepese, bambo," anatero akazi awo.

"Ndiimba. Ndikungodikira seva ithe."

"Seva ndiye ndaninso?"

Seva inali kompyuta yakale imene anaiika m'chipinda cha alendo, pakati pa masutikesi ndi njinga yopanda tcheni. Anafotokoza, chala chili m'mwamba, kuti ikatha izidzanyamula mawu awo pa intaneti n'kukawatula pa foni iliyonse, ngakhale ya waya ngati ya kushopu ija.

"Nanga ili m'thumba mwanuyo siimba?"

"Imaimba. Koma nkhani yaikulu siyenda m'njira ya aliyense."

Akazi awo anawayang'ana mmene amayang'anira mkaka wokayikitsa, n'kubwerera kukhitchini.

A Katswiri anatenga tchuthi. Analembetsa ku kampani yolumikiza mafoni a pa intaneti ndi mafoni wamba, analowetsa manambala achinsinsi, anagula mahedifoni okhala ndi kamaikolofoni kopindikira kukamwa. Akawavala ankaoneka ngati woyendetsa ndege, ndipo ankadutsa pagalasi kawirikawiri kuti atsimikize.

Itakwana nthawi yoyesa, nambala ya foni ya waya imene ankaidziwa pamtima inali imodzi yokha, ya kushopu. Anaimba mtima uli m'mwamba. Foni inaitana, kenako zii. Pakompyuta panayaka kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti yalumikizika.

"Halo? Halo? Kuyesa, kuyesa."

Zii.

"Ikunama iyi," anatero, akupuma ngati munthu amene dokotala wa mano wamuuza kuti abwere mwezi wamawa. Anagamula kuti mawu akufera m'njira.

Koma foni yakufa ili ndi ubwino wake: sidula munthu pakamwa. Tsiku lililonse akasintha kena kake pa seva ankaimbanso, ndipo akamva zii uja ankayeserera kupepesa.

"Achemwali," anayamba tsiku loyamba, "ine monga munthu woyenda m'maofesi, ndaganiza zokukhululukirani chifukwa chokwiya kwanu."

Tsiku lina anayesa kudziyankha okha ndi mawu a achemwali, opyapyala, a m'mphuno: "Zikomo achimwene, ndinu munthu wamkulu." Tsiku linanso anaonjezera mfundo: "Komanso kunena zoona, makataniwo ndi okhota mbali imodzi."

Masana ena kunatentha, seva ikulira ngati njuchi, ndipo zokamba zokonzakonza zinawathera. Anangokhala, mahedifoni ali kumutu.

"Buluku limene ndinavala pokafunsira ntchito munasoka ndinu," anatero pang'onopang'ono. "Munazamitsa dala matumba kuti mabwana asaone manja anga akunjenjemera. Bwana yemwe uja ndi amene ndinamuuza za makatani." Anamina mwamphamvu, maikolofoni ili pomwepo, n'kudula.

M'mawa mwake anapeza yankho pa intaneti. Vuto linali pa rauta, kabokosi kothwanimathwanima kapakhoma, kamene kankafunika kutsegulidwa zitseko zina kuti mawu azidutsa. Pamwamba pa tsambalo panali ndime yofotokoza matendawo, yoti mawu amapita koma sabwerako. A Katswiri anailumpha, monga amachitira akatswiri, n'kuthamangira pa mankhwala.

Anatsegula zitsekozo, anaimba. Foni inaitana. Kenako m'makutu mwawo munalowa phokoso la makina osokera.

"Imitsani makina!" anakuwa mayi wina. "Wailesi yayamba!"

Makina anaima. Kunamveka mipando ikukokedwa.

"Amayi a zipi, bwerani kuno, dzulo munaphonya. Analira!"

"Lero akhululukira ndani?" anafunsa bambo wina.

"Kwezani voliyumu, madamu."

"Ili pamapeto. Chogwirira chake chinathyoka kalekale, foniyi imangolankhula pagulu ngati mlaliki." Awa anali mawu a achemwali, ndipo sanali opyapyala ngakhale pang'ono. "Khalani chete tsono. Yamba, Kamimba."

Dzina limeneli a Katswiri analisiya ali ndi kabudula wong'ambika kumbuyo.

"Lero wakhala chete bwanji?" anafunsa mayi uja.

"Akusankha mawu," anatero achemwali. "Msiyeni. Musadandaule, satimva. Uyu kusamva ndi chibadwire, makinawo angotengera mwini wake."

Shopu yonse inaseka. Chala cha a Katswiri chinafika pa batani lodulira. Atatembenuka anaona akazi awo ataima pakhomo, atanyamula zovala zochapa, ndipo kumbuyo kwawo pakhoma panali chithunzi cha diresi chimene mwana uja anamata dala poyang'anizana ndi seva. Chala chinabwerera.

"Achemwali," anatero. "Ndikumva."

Kushopu kunangoti zii, koma zii wa mtundu wina, wokhala ndi anthu mkati.

"Basi, aiwononga wailesi," ananong'ona bambo uja.

"Ukumva?" anatero achemwali. "Iwe? Ndiye makina akowo achita zimene amayi analephera."

"Pepani, achemwali."

"Pepani wake uti? Uja wondikhululukira, kapena wadzulo wa mamina?"

"Wa mamina."

"Chabwino. Kuno kuli anthu. Auze, ine ndine ndani?"

"Ndinu achemwali anga."

"Kweza mawu. Bambo ositawa khutu limodzi siligwira."

"Ndinu achemwali anga!" Galu wa aneba anauwa.

"Nanga makatani?"

"Ndi owongoka, achemwali."

"Ndi okhota. Ndinawasoka ndikudwala. Usamaname popepesa, Kamimba, umawononga zonse." Kunamveka sizasi ikuikidwa patebulo. "Mwana abwere mawa ndimuyeze, nsalu ndinagula kale. Iwenso ubwere. Masiku onsewa ndinkakuyankha, iwe osamva, ndiye mayankho ndakusungira."

Atavula mahedifoni, akazi awo anafunsa ngati seva yatha.

"Ikugwira bwino kwambiri," anayankha, maso ali pansi.

M'mawa mwake anavala jekete, n'kulivulanso. Atafika kushopu ndi mwana wawo, makina onse anaima okha. Bambo wosita anaika ayironi pambali, anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Ndi amenewa? Ine mawu aja ndimayesa munthu wamtali."

Achemwali anakumbatira mwana wa mlongo wawo, anamuzunguliza, anamuyeza m'chiuno. Kenako anapatsa a Katswiri kampando kafupi ka makasitomala ana, n'kuwasenzetsa mpukutu wa nsalu yoyera kuti isakhudze pansi. Manja onse awiri anadzaza, moti chala chofotokozera chija chinasowa potulukira.

"Tiyambe ndi tsiku loyamba," anatero achemwali, akuchotsa mapini pakamwa. "Unati ndiwe munthu woyenda kuti?"

Mipando inayamba kukokedwa.