Tiyi wa Alamu Anga a Sufiyani

Alamu anga a Sufiyani ndi munthu wabwino, koma chikondi chawo chinatsala pang'ono kutipweteketsa. Ndimawauza pamaso, ndipo amangoseka.

Mng'ono wanga Husna, mkazi wawo, atakhala ndi pakati poyamba, kusikelo anamupeza ndi magazi ochepa. M'zikope munali mutayera mbee, akaweramira chitsime chizungulire chimamugwira. Anamwino anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kumuuza mosabisa kuti akabereka magazi ali choncho, moyo wake udzakhala pachiswe. Tonse tinachita mantha.

A Sufiyani anadzipereka ndi mtima wonse. Ankakwera minibasi mpaka ku Liwonde kukagula chiwindi ndi usipa. Bonongwe ankathyola okha, azibambo anzawo a pa Phalula akuwaseka. Ndiye pa chakudya chilichonse ankaphika tiyi wakuda bii, masamba odzadza dzanja, kuti Husna amezere piritsi. Amati tiyi wofiirira chotero sangalephere kusanduka magazi. Mukawaona atanyamula kapu ija ndi manja awiri, mukanati dokotala wamkulu.

Koma atabwerera kusikelo, magazi anali pomwe paja. Husna analira. Ine mtima unandiwira, ndinawatenga alamuwo mpaka kwa anamwino kuti akafotokoze bwino zimene akumudyetsa mwana wa mayi anga.

Anafotokoza monyadira, mpaka kufika pa tiyi. Anamwino anagwira pakamwa kubisa kuseka. Kenako anatiuza kuti kudya n'kwina, kulowa m'thupi n'kwinanso. Chakudya chikagayidwa m'mimba chimatsikira m'matumbo aang'ono, ndipo makoma a matumbowo ndi amene amayamwa zofunika n'kuzipereka m'magazi. Ayironi, mchere wopanga magazi umene uli m'mapiritsi ndi m'chiwindi, akakumana ndi tiyi m'matumbomo, tiyiyo amamugwira n'kupitirira naye kuchimbudzi.

“Ndiye kuti chiwindi chonse chija ndimadyetsa chimbudzi?” anafunsa a Sufiyani, maso ali tong'o.

“Chambiri ndithu, bambo. Tiyi azimwa patali ndi chakudya. Pakudya muzimupatsa zowawasa monga malambe, zimathandiza matumbo kuyamwa ayironi.”

Malambe! Omwe aja ifeyo timaunjika m'mphepete mwa msewu kugulitsa apaulendo, n'kumawayesa zotafuna za ana. Kunyumba kunali matumba ake ongokhala opanda ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo alamu anga anasanduka apolisi. Masamba a tiyi anawabisa padenga. Ankaviika malambe m'madzi owiritsa, kusefa, n'kuyima pambali mpaka Husna atamaliza kumwa, nkhope yake ili tsinya. Mlendo aliyense ankalandira phunziro la matumbo, ngakhale shehe amene anangobwera kudzapereka salamu.

Pang'onopang'ono m'zikope munayamba kufiira. Husna anayambanso kundiyankha zamwano, ndipo ndinadziwa kuti wabwerera.

Tsiku lochira anataya magazi ambiri, ine ndikudikira pakhonde la chipatala. Koma anali nawo okwanira. Anamwino aja anatuluka akumwetulira, n'kuti mayi ali bwino, mwana ndi wamkazi.

A Sufiyani analowa ndi fulasiki m'khwapa, misozi ili mbwe. Anamwino anawalanda, anatsegula, ananunkhiza. Munali malambe.

Husna, mwana ali pachifuwa, anawayang'ana amuna ake n'kuseka mofooka.

“Bambo a mwana, ndapulumuka. Kodi masamba aja munawabisa pati?”