Mmene Heilyn Anagawira Munda wa Atate

Atate atamwalira, lamulo linali lodziwika kale: mwana wamwamuna wamng'ono ndiye amagawa malo, wamkulu n'kuyamba kusankha. Ine Tangwystl, pokhala mwana wamkazi, gawo langa linali kuphika ndi kuonerera, ndipo kuonerera ndimakutha.

Malowo anali pawiri: dambo lachonde m'mbali mwa mtsinje, ndi phiri lamiyala kumene ngakhale nkhosa zimakwera monyinyirika. Achimwene athu aakulu, a Tegwared, ankayenda motsimphina chiwapondereni ng'ombe. Ndiwo analera Heilyn, chitsirizira wathu, amayi atatisiya, ndipo mpaka iye anamera ndevu ankamuikirabe nyama yochotsa m'mbale mwawo. Tonse tinadziwa kuti asankha phiri kuti dambo litsalire Heilyn. Mwendo umenewo sukanalima kuphiri ngakhale chaka chimodzi, ndiye ana awo anayi akanadya chiyani? Nditawachonderera, anandiuza kuti ndikasamale mphika wanga. Munthu wamakani ngati ameneyu ndimamukonda, koma amatopetsa.

Masiku atatu Heilyn anangoyendayenda ndi ndodo yoyezera, atasenza miyala m'thumba.

Tsiku logawa kunabwera a Gwrgenau, amene ankayang'anira za malo m'cwmwd mwathu, ndiye kuti m'chigawo cha midzi yathu, kudzachitira umboni. Atatsika pa kavalo anaima kukamwa kuli yasa. Heilyn sanalekanitse dambo ndi phiri. Anadula mizere khumi ndi iwiri yopapatiza, uliwonse kuchokera kumtsinje mpaka pamwamba pa phiri, wina wa miyala yoyera, wotsatira wa miyala yakuda, choncho mpaka kumalire. A Gwrgenau anati m'midzi yonse imene ayendamo sanaonepo kagawidwe kopusa chotere, koma lamulo silikuletsa.

"Sankhani, achimwene," anatero Heilyn. "Yoyera kapena yakuda."

A Tegwared anatsimphina uku ndi uku kufunafuna gawo loipa. Anafukula dothi, kulinunkhiza, mpaka kuwerenga zitsamba zaminga. Sanalipeze.

"Iwe, mutu wako ukugwira? Mizere yopapatiza chonchi, ng'ombe zanga zizitembenukira pati?"

"M'munda mwanga, achimwene, zanganso m'munda mwanu. Kapena tingozimanga goli limodzi. Inu muzigwira pulawo kudambo, kumtundako ndizikwera ine."

"Ndiye wandinyenga pamaso pa anthu?"

"Ine ndangogawa. Wosankha ndinu."

A Gwrgenau anakhosomola, n'kufunsa ngati wamkuluyo wasankha, poti anali ndi milandu ina kutsidya. A Tegwared analoza miyala yakuda, ati ikuoneka yosaukirapo. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana mtsinje nthawi yaitali, akupukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Ine, amene ndimaona zonse, tsiku limenelo sindinaone kanthu.