Mapulogalamu Atatu a Mmisiri

Namwino anafika kunyumba masana ali wolefuka. Asanakhale n'komwe pansi, mwana wake wamkazi anamupatsira kakalata kochokera kwa aphunzitsi. Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo malume ake ankamutchula kuti Mmisiri chifukwa akaweruka kusukulu ankangokhalira gemu yomanga nyumba ndi njerwa pakompyuta.

Aphunzitsi analemba kuti mwana wotere ndi bwino aphunzire kulamula kompyuta polumikiza timabokosi ta malangizo. Anatchula mapulogalamu atatu, nati kholo lisankhepo imodzi pofika Lolemba.

Namwino anausa moyo, nasuntha mbale patebulo n'kutsegula laputopu yakale. Pulogalamu yoyamba inali ya kanyama kodumphadumpha, ndipo Mmisiri anangoti izo n'za ana a sukulu ya mkaka. Yachiwiri inkafuna intaneti yamphamvu. Kachizindikiro kodikiritsa kanazungulira pa laputopu mpaka tiyi wake anazizira. Namwino anaimbira mchimwene wake, malume a mwanayo, kuti amuthandize nzeru. Iwo anafotokoza zambirimbiri zosamveka, iye n'kumangoti eya, eya, mpaka anadula foni.

Yachitatu inali ndi dziko la njerwa lofanana ndi la mu gemu ija. Ukalumikiza "pita kutsogolo", "ika njerwa" ndi "bwereza kakhumi", kamunthu kankamanga khoma kokha. Namwino atayesa, kamunthuko kanazungulira n'kudzitsekera m'kati mwa mpanda.

"Amayi, mwamuika m'ndende munthu wosalakwa," anatero Mmisiri uku akuseka. Anasuntha kabokosi kamodzi, khoma n'kuwongoka. Kenako nkhope yake inagwa.

"Koma ine ndimakonda kuika ndekha njerwa, imodziimodzi. Akamanga iyeyu, nyumbayo ikhala ya ndani?"

Namwino anamufunsa ngati pali ntchito ina imene imamutopetsa mu gemumo. Mwanayo anati kukumba ngalande, chifukwa kumamudyera nthawi yonse.

"Ndiye umutume zimenezo. Nyumba uzimanga wekha."

Mmisiri anakoka laputopu n'kuyamba kusanja timabokosi, lilime lili kunja. Ngalande yoyamba inalowera m'dimba, yachiwiri inakhota, koma sanapemphe thandizo.

Namwino anachonga pulogalamu yachitatu pa kakalata kaja ndi pensulo, popeza cholembera cha inki chinali chitauma. Kunja kunayamba kuwaza mvula, ndipo anadzuka pang'onopang'ono kukanula zovala pachingwe.